Mfumu, Mfumukazi ndi Amalume

Nkhani ya zidole inamupeza Medson ali pakati pa mdipiti wa magalimoto, akubwerera ku Kitengela, kunja kwa Nairobi, poweruka. Woimba foni anali Tina, mlongo wake wamng'ono, yemwe anakwatiwa ndi Naoto, injiniya wa ku Japan wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Tina anayamba ndi za kutentha, n'kulumphira ku za sukulu ya Pempho, mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Medson ndi amene anamulera Tina kuyambira pamene anaika maliro a mayi awo ku Tsangano, tsono ankadziwa kuti mbuzi ikamazungulira chikhomo chonchi ndiye kuti chingwe chayithina penapake.

Nkhani yake inali iyi. Apongozi ake a Tina, Mayi Kuroda, ankabwera ku Nairobi koyamba, ndipo anasankha dala nthawi yoti adzachite mwambo wa ana aakazi umene kwawoko amachita pa 3 Malichi, chisanu chikamatha. Mwambowo amautcha Hinamatsuri. Amayala nsalu yofiira pa timasitepe n'kukhazikapo zidole zovala zachifumu, mfumu ndi mfumukazi pamwamba penipeni, adzakazi ndi oimba m'munsimu. Akatero amadya, amamwa, n'kumufunira mwanayo thanzi ndi mwayi. Zonsezo zinalibe vuto. Vuto linali lakuti, malinga ndi mayiwo, zidole za mwana zimachokera kuchikazi, kwa makolo a mayi wake. Ndiye anafunsa pa foni, mwaulemu wawo uja wolowa ngati singano, ngati kwawo kwa Tina anatumizako kale.

"Iwe unawayankha bwanji?"

"Ndinawauza zoona, achimwene. Ndinati kwathu kulibe anthu."

Medson anaponda buleki ngakhale galimoto inali itaima kale. "Kulibe anthu? Nanga ine ndine chiyani, mtengo wa magetsi?"

Tina anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene misozi ili pakhomo. Anati amatanthauza makolo basi, ndipo anamuchonderera kuti asayambe zinthu zake zija. Angobwera Lamulungu la mwambowo akaweruka ku tchalitchi, avale tayi, adye, azipita.

Kale kwathu malume sanali munthu woitanidwa kudzadya. Anali mwini mbumba. Mwana akadwala, uthenga unkafika kwa iye bambo wa mwanayo asanapeze n'komwe nsapato. Lero malume ndi nambala ya foni imene imakumbukiridwa kukagwa zovuta, ndipo amene anatsatira ntchito m'mayiko a eni, ana a alongo awo amawadziwira pa chithunzi. Medson sankadzinamiza. Anakhalitsa kunja moti akapita kumudzi ana ankamupatsa mpando wa alendo n'kumamuyankhula Chingerezi cha pa wailesi. Zimenezo anazimeza. Koma zoti Tina aime pamaso pa apongozi ake ngati bowa wongomera pa chulu, iye ali moyo, akupuma fumbi la mzinda womwewo, zinamukanika kumeza.

Loweruka anazungulira masitolo a pakati pa tauni mpaka nsapato zinamutentha. Anapeza zidole zapulasitiki za tsitsi lachikasu, zotsinzina ukazigoneka, zina zolira ukazifinya pamimba. Mfumu panalibe. Mnzake wina wa kuntchito ndi amene anamulondolera ku Kibera, kwa Mama Awino, telala wosoka zidole zansalu zogulitsa kwa azungu odzaona nyama.

Kashopu ka Mama Awino kanali ka malata, moyang'anana ndi njanji. Mayiyo anatenga foni ya Medson, n'kukulitsa chithunzi cha zidole za ku Japan ndi zala ziwiri, magalasi ali pansonga ya mphuno. Medson anafotokoza m'Chiswahili chake chothyokathyoka zimene anawerenga: kuti umenewu ndi ukwati wa kunyumba yachifumu. Uyu mkwati, uyu mkwatibwi, awa operekera zakumwa, awa oimba ng'oma ndi zitoliro, awa alonda. Ali mkati mofotokoza, chala chake chinaima. Anayambiranso kumtunda, n'kutsika, n'kukweranso. Onsewo anali anthu a mfumu. Wa kwawo kwa mkwatibwi panalibe ngakhale mmodzi.

Zimenezi zinamuvuta kuposa kusowa kwa zidolezo. Mtsikana akhale pamenepo yekha pakati pa akuchimuna, wopanda nkhoswe, wopanda womuyankhulira? Kwathu umenewo si ukwati, n'kulowana. Anaganiza kuti mwina wojambulayo anadula chithunzi, kapena anthu a ku Japan, poti ndi otanganidwa, anangoiwala. Choncho anapempha kuti amusokere zidole zitatu: mfumu, mfumukazi, ndi malume wake wa mfumukazi.

"Mjomba?" Mama Awino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Afanane ndi ndani?"

"Munthu aliyense wolemekezeka," anatero Medson.

Anawonjezera kuti zikhale zazikulu ndi zolimba, zosokedwa kawiri, chifukwa chidole cha mwana chimaponyedwa, chimakokedwa mwendo, chimachapidwa. Anasiya chitenje chimene chinakhalira m'sutikesi kuchokera pa ulendo wake womaliza wa kumudzi. Tsiku lodzatenga, mfumu ndi mfumukazi anaziona ndipo mtima unakhala pansi. Chachitatu anachipeza chitakulungidwa kale m'nyuzipepala, chitamangidwa ndi ulusi. Mama Awino anati munthu wamkulu sayenda poyera m'fumbi la Kibera, akatsegulidwe pamwambo pomwepo.

Lamulungu lija Medson anakwera masitepe a fulati ya Tina ku Kilimani akuimba mluzu, thumba la kumsika lili m'manja. M'nyumbamo munali mutadzaza kale. Munali amayi achimalawi a kutchalitchi ndi ana awo aakazi, ndiponso banja lina la ku Japan. Atangolowa, mluzu unamuthera m'kamwa.

M'ngodya ya pabalaza Naoto anali atakhoma timasitepe, nsalu yofiira itayalidwa popanda khwinya ndi limodzi lomwe. Zidole zake zinali zazing'ono ngati chikhatho, nkhope zoyera zosalala ngati chigoba cha dzira, nsidze zoonda ngati anazilemba ndi tsitsi limodzi, zovala za silika zosanjikizana. Ngakhale kang'oma ka woimba kanali ndi tizingwe take. Mayi Kuroda, mayi wamfupi wa imvi zometa bwino, anali atagwada patsogolo pake atavala magolovesi oyera, akusasa fumbi losaoneka ndi nthenga. Ana anaima patali, manja kumbuyo. Anali atauzidwa kale kuti izi n'zoona ndi maso.

Thumba linayamba kumulemera. M'menemo munali mfumu yaikulu ngati khanda, maso a mabatani.

Pempho anamuthamangira mothamanga mwake, poti anali atamuveka chovala chamaluwa cha ku Japan n'kumumanga lamba wamkulu moti ankayenda ngati nkhunda. "Amalume, mwanditengera chiyani?"

"Mbatata," anatero Medson.

Anapereka moni, anawerama monga mmene anaonera kwa mlamu wake, kenako ananena kuti waiwala foni m'galimoto. Thumba linatsala m'buti, pafupi ndi jeke.

Phwando lokha linali lokoma, ndipo zimenezo zinangowonjezera kumupweteka. Panali mpunga wowawasa pang'ono, wowazidwa mazira odula ngati ulusi ndi tizidutswa ta nsomba. Panali timakeke ta mpunga tosanjikiza mitundu itatu, wobiriwira, woyera ndi wofiirira. Panalinso chakumwa choyera chotsekemera, chimene amayi a kutchalitchi anachinunkhiza mokayika, n'kulawa, n'kugamula kuti ili ndi thobwa lomweli, kungoti linapita kusukulu. Mmodzi anafunsa monong'ona ngati kukhazika zidole pamwamba n'kuziikira chakudya si kupembedza mafano. Mnzake anamukumbutsa kuti pa Khirisimasi iye yemwe amaika nkhosa zapulasitiki pa tebulo ndipo palibe anamuitanira abusa. Ana a ku Japan aja anaimba nyimbo yamwambowo, ana achimalawi n'kuilanda, kuiikira m'manja ndi m'chiuno mpaka mwini nyimbo sakanaizindikira.

Mayi Kuroda anapepesa kudzera mwa Naoto kuti maluwa oyenera pamwambowu ndi a mapichesi, koma poti kuno kulibe, angothyola a pampanda. Medson, amene anali chete chifikireni, anapezeka akunena kuti kwawo ku Tsangano mapichesi amachita maluwa mu Ogasiti, mitengo ilibe ndi tsamba lomwe, mudzi wonse n'kuoneka ngati wavala zaukwati. Zoti ulendo wathawu anapeza mitengo ya pakhomo pawo itadulidwa, anthu ataotchera njerwa, sananene. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

Apa m'pamene Medson anazindikira kuti sitepe ya pamwamba penipeni inali yopanda munthu. Panali chotchinga chagolide ndi tinyali tiwiri, basi.

Anthu atakhuta, Mayi Kuroda anagwadanso pa malo awo aja n'kuyamba kuyankhula motsitsa, Naoto akumasulira. Anati zidole zimene anabwera nazozi ndi za pa utsikana wawo, ndipo zabwera ngati alendo chabe. Mfumu ndi mfumukazi yawo anazisiya ku Japan dala. Mayi awo anawaphunzitsa kuti ziwiri za pamwambazo ntchito yake n'kusenza matenda ndi tsoka la mtsikana, ndipo zawozo zawasenzera zaka zambiri, zatopa. Mtsikana aliyense amayenera kukhala ndi zakezake, zochokera kwawo kwa mayi wake. Koma poti anamva kuti kumeneko kulibe wotumiza, iwo apinda ziwiri zapepala kuti malowo asakhale opanda kanthu.

Anatulutsa tizidole tiwiri tapepala, topindidwa mwaluso, tokongola kwambiri. Panalibe chipongwe chilichonse m'mawu awo, ndipo kusowa kwa chipongweko ndi kumene kunabaya. Tina anamwetulira kumwetulira kwa kuntchito, maso ali pa kapeti. Kumbuyo kwa Medson mayi wina anapumira m'mwamba. "Umasiye ndi umasiye, ngakhale ukwere ndege," ananong'oneza mnzake.

Medson anaika kapu pansi n'kutuluka.

Potsika masitepe ankadziuza kuti amuseka. Pokwera, thumba lili m'manja, anadziyankha kuti amuseke. Bola aseke malume kusiyana ndi kumvera chisoni mlongo wake.

Analowa n'kugwada pambali pa Mayi Kuroda, mawondo akulira ngati nkhuni zouma. Anapempha Naoto amasulire kuti akuchikazi anachedwa panjira, koma afika. Tina anagwira pakamwa. "Achimwene, mwachita chiyani?"

Inayamba kutuluka ndi mfumu, yovala jekete la chitenje ndi chisoti chamikanda, ndevu zaulusi wakuda zili nyankhalala. Kenako mfumukazi, duku lalikulu kumutu, ndolo zolendewera, chiuno cha munthu wodya bwino. Ataziimika pafupi ndi timasitepe, adzakazi a silika aja anaoneka ngati ndiwo zawo. Medson anadula ulusi wa chachitatu ndi mano, n'kufunyulula nyuzipepala.

Chinatuluka chidole chadazi lonyezimira, magalasi awaya ali pamphuno, tayi itatsika mpaka pamimba n'kulephera kuidutsa. M'thumba la malaya munali ngakhale kacholembera. Dzanja la Medson linapita lokha pa thumba la malaya ake, n'kupeza cholembera chili pomwepo.

"Awa ndi amalume!" anakuwa Pempho. "Amami, taonani mimba!"

Nyumba inaphulika. Amayi a kutchalitchi anagwetsana pa sofa, wina akupukuta misozi ndi mpango wa mnzake. Naoto, munthu amene Medson anali asanamuonepo mano a m'kati, anagwira khoma. Tina ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, akumenya mchimwene wake paphewa. Medson anatukwana Mama Awino chamumtima m'zilankhulo zitatu.

Mayi Kuroda okha sanaseke. Anayang'ana mfumu, anayang'ana mfumukazi, kenako analoza chachitatucho ndi dzanja lonse n'kufunsa kuti ameneyu ndani, poti pamwambo wawo munthu wachitatu kulibe.

Medson anadikira phokoso lizizire. Anayankhula pang'onopang'ono kuti mlamu wake asaphonye mawu.

"Alamu, auzeni mayi kuti ndinayang'ana chithunzi chija ndipo ndinaona kuti mtsikanayu wakhala yekha pakati pa anthu a mwamuna wake. Kwathu sititero. Mwana wamkazi ali ndi malume wake. Akadwala, amabwera. Akamakwatiwa, amaima pambali pake. Mwamunayo akamuzunza, kaya ndi mfumu kaya ndani, malume amafika, amakhala pansi, ndipo sachoka mpaka nkhani itatha. Zidolezi ndi zonyansa, ndikudziwa. Koma mwanayu ali ndi kwawo."

Naoto anamasulira, ndipo pofika kumapeto kuseka kunali kutamuchoka pankhope. Mayiwo anafunsa funso limodzi: ngati malumeyo amabwera yekha ndi miyendo yake, kapena amangotuma mawu. Medson anati amabwera yekha, ngakhale pa matatu, timinibasi ta kuno.

Mayiwo anatenga tizidole tawo tapepala n'kutilowetsa m'manja mwa malaya. Anakoka magolovesi kuti akhale bwino m'zala, n'kunyamula mfumu ya Mama Awino ndi manja awiri, monga mmene ankanyamulira zawo zija, n'kuikhazika pamwamba. Anateronso ndi mfumukazi, n'kuikonza duku. Awiriwo anadzaza sitepe yonse.

Malume ndiye anasowa pokhala. Anamuyesa pa sitepe yachiwiri, koma anabisa adzakazi onse. Anamuyesa kwa alonda, mimba inamukokera kutsogolo n'kugwa chafufumimba, ana n'kukuwa. Apa amayi a kutchalitchi sanathenso kupirira. Anaiwala zoti izi n'zoona ndi maso, anazungulira timasitepe aliyense ndi nzeru zake, m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chiswahili. Wina anati nkhoswe sikhala ndi antchito. Wina anati ikhale kumbuyo. Wina anati kumbuyo ndi kwa ophika. Onse anagwirizana chimodzi: malo ake ndi pambali pa mkwatibwi. Mayi Kuroda sankamva mawuwo, koma zala zolozazo anaziona. Anachotsa kanyali ka mbali ya mfumukazi, anasunthira mfumu kumapeto mpaka phewa lake linalendewera, n'kupanikiza malume pamenepo. Anakhala mopendekera pang'ono, magalasi akuyang'ana mfumu cham'mbali, ngati munthu amene sanakhutire ndi mayankho a mkamwini.

Nthungululu inalira. Banja la ku Japan lija linadzidzimuka, kenako linawomba m'manja.

Mayi Kuroda anatembenuka ali chigwadire, anaika manja pansi n'kuweramira Medson mpaka mphumi inatsala pang'ono kugunda kapeti. Iye anayesa kubwezera koma mimba inamuletsa panjira. Atatero mayiwo anagwira dzanja la Tina n'kumuuza kanthu kena m'chilankhulo chawo. Naoto anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma Tina anamuletsa. Anali atamva.

Mkangano wina unabuka pa nthawi ya tiyi, pamene zinadziwika kuti zidolezi zimayenera kulowa m'bokosi mwambo ukangotha, kupanda kutero akuti mtsikana amachedwa kukwatiwa. Amayi a kutchalitchi anafunsa kuti amachedwa bwanji. Atamva kuti palibe akudziwa, mwina zaka, anati ndiye zisiyeni pomwepo mpaka mwana atenge digiri, ndipo wina anapempha kuti amubwereke ziwiri akaike kwake, poti wake wamkulu wayamba kuchedwa kubwera kunyumba. Mayi Kuroda atamasuliridwa anaseka koyamba, atabisa pakamwa. Anati mfumu ndi mfumukazi zilowa m'bokosi mawa, mwambo ndi mwambo. Koma za malume malamulo a kwawo sanenapo kanthu, poti samudziwa.

Kenako anavula magolovesi aja, anawapinda, n'kuwapereka kwa Medson ndi manja awiri. Naoto anamasulira kuti sitepe ya pamwambayi tsopano ndi ya akuchikazi. Iwo akalamba, ndege imawatopetsa. Chaka chilichonse, kulikonse kumene Pempho adzakhale, malume ndiye azidzabwera kudzakhazika zidole zitatuzi.

"Alamu, auzeni kuti ndamva," anatero Medson.

"Valani, amalume," anatero Pempho. "Mukupendekera uko."

Chidole chinalidi chitayambanso kutsetsereka. Medson analowetsa zala m'magolovesiwo. Anangofika pakati pa chikhatho n'kukana, nsonga zake zili lendelende ngati makutu a mbuzi. Anayenda chogwada choncho mpaka pa timasitepe, nyumba yonse ikumulangiza, ndipo Tina ali kumbuyo kwake ankafotokozera mayi wa banja la ku Japan lija, mokweza kuposa mmene zinafunikira, kuti awa ndi achimwene ake, ndipo kwawo onse ndi otero.